Kubweza Ngongole ya Sukulu Msanga Kapena Pang'onopang'ono?

Mwamaliza koleji, mwapeza ntchito pa Mangochi Boma, ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ikukudikirani.

Mukabweza msanga, mtima umakhala m'malo. Chiwongoladzanja sichichuluka, ndipo ndalamazo zimakathandiza ena amene akulowa yunivesite. Koma thumba limauma. Matenda akagwa pakhomo mumathamangira katapila, amene amaluma kuposa ngongole ya boma.

Mukasankha pang'onopang'ono, abwana amangodula kumalipiro mwezi ndi mwezi. Zotsalazo mutha kuoda usipa ku Makawa n'kukagulitsa ku Limbe. Kwacha ikagwa mphamvu, ngongole yakale imatha kupepukanso. Komatu nyanja silonjeza kanthu: mwera ukawomba asodzi sapita pamadzi, geni imaima, ngongole ili pomwepo.

Ineyo ndikanayamba ndasunga ndalama yodyera miyezi itatu, kenako n'kumabweza mowonjezera.