Ant, Maven ndi Gradle: classpath ikakana kufika ku mayeso a pa seva

Sabata yatha mnzanga wa ku Matawale, amene timalembera limodzi mapulogalamu a Java, anandiyimbira foni usiku ali wokhumudwa. Pulogalamu yake imayenda bwinobwino pa Tomcat, seva yoyendetsera mapulogalamu a Java a pa intaneti, koma akangoyambitsa mayeso, imagwa ndi NoClassDefFoundError pa javax.servlet, kutanthauza kuti Java sinapeze ma class a servlet, omwe pulogalamu imalankhulira ndi seva. Code yake inalibe vuto. Chimene chinasokonekera ndi momwe classpath, mndandanda wa malo amene Java imafufuzamo ma class, imapatsidwira kuchoka pa gawo lina kupita pa lina, ndipo apa ndi pamene zida zitatu zomangira mapulogalamu a Java, Ant, Maven ndi Gradle, zimasiyanirana kwambiri.

Ant, yomwe inatuluka mu 2000, ambiri kuno ku Zomba timakumana nayo m'mapulojekiti akale a NetBeans amene tinasiyiridwa. Msampha wake ndi umodzi. Mukaitana build.xml (fayilo ya malangizo a Ant) ina pogwiritsa ntchito `<ant>`, ma property amadutsa okha chifukwa inheritAll imakhala true, koma path imene munaipatsa id imatsalira, popeza inheritRefs imakhala false. Ndiye build.xml yoitanidwayo imadziwa dzina la foda koma ma jar, mafayilo osunga ma class, ilibe. Ikani inheritRefs="true", basi yatha. Chomwe ndimaiyamikira Ant n'chakuti zonse zimaoneka ndi maso, koma jar iliyonse mumaisenza nokha.

Nkhani yeniyeni ili pakati pa Maven ndi Gradle.

Ku Maven, servlet-api, jar imene muli javax.servlet, imaikidwa pa scope ya provided (scope ndi imene imanena nthawi imene jar ikupezeka). Imeneyi imapezeka pomanga komanso poyesa, koma siilowa mu WAR, fayilo imene mumaika pa seva, chifukwa Tomcat amabwera ndi yake. Mnzangayu atasamukira ku Gradle anaganiza kuti compileOnly ndi provided yomweyo. Ayi ndithu. Zimene zili pa compileOnly sizifika ku mayeso. testImplementation imatengera za implementation, koma za compileOnly siitengera. Mankhwala alipo awiri: kulembanso jar yomweyo pa testImplementation, kapena, ngati muli ndi plugin ya war, kugwiritsa ntchito providedCompile, imene mayeso amaiona. Mukadzipangira source set (gulu la code lomangidwa palokha) yanuyanu, monga integrationTest, imabadwa yopanda kanthu mpaka mutailumikiza ndi extendsFrom. Izi zinandidyerapo tsiku lathunthu ndisanazimvetse.

Maven nayo ili ndi minga yake. Zimene zili pa scope ya test sizidutsa kupita ku module ina, choncho ma class othandizira mayeso amene muli nawo mu module imodzi saoneka kwina mpaka mutapanga test-jar. Apa Gradle yapambana: kuyambira pa 5.6 ili ndi java-test-fixtures, imene imagawa zimenezi mwaukhondo.

Ma version awiri a jar imodzi akakumana, Maven imasankha imene ili pafupi kwambiri ndi pom.xml yanu (fayilo ya malangizo a Maven), ngakhale ikhale yakale. Gradle imasankha yatsopano. N'chifukwa chake pulojekiti yomweyo ikhoza kudutsa mayeso kuno n'kugwa uko. Musamaganizire chabe, funsani chidacho. Ku Maven ndi `mvn dependency:tree`, ku Gradle ndi `gradle dependencyInsight --dependency servlet --configuration testRuntimeClasspath`.

Kwa ine, ngati muli awiri kapena atatu ndipo ntchito yanu ndi WAR imodzi yokhala ndi mayeso ake, tengani Maven. Malamulo ake ndi ochepa ndipo sasinthasintha, moti wophunzira wa ku Chanco wobwera kudzaphunzira ntchito amawagwira m'masiku ochepa. Gradle ndimaisungira pulojekiti ya ma module ambiri ogawana zida zoyesera, ndipo pafunika munthu mmodzi woidziwa bwino. Pa nkhani ya bandulo ya intaneti, zonse ziwiri zimagwira popanda netiweki zikangokopera ma jar kamodzi: `mvn -o` kapena `gradle --offline`.

Mnzanga uja atasintha kupita ku providedCompile mayeso anadutsa, koma ndinamuchenjeza asanakweze seva yake: kuyambira Tomcat 10, javax.servlet inasanduka jakarta.servlet, ndipo cholakwika chimene adzaone chidzafanana ndi cha usiku ujawu ngakhale classpath yake ili bwino.