Malungo a ku Tete anandigwetsera ku Joni

Abale anga a ku Ndirande, ndi inu anyamata a pa Chinseu amene mumandifunsa pa WhatsApp za njira yofikira kuno ku Joni, za njirazo tidzakamba. Lero mumve kaye za matenda amene anatsala pang'ono kunditenga m'dziko la eni.

Ndalama ya basi yochokera pa Wenela mpaka ku Park Station ndinalibe. Ndinangobereka chikwama kumsana, muli mathalauza awiri, juzi, kabulangete ndi pasipoti, n'kumayenda modukizadukiza. Minibasi mpaka ku Mwanza, kudinditsa pa Zobue, kenako thiraki mpaka ku Tete. Kumeneko ndinagona masiku awiri pakhonde la sitolo kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, kudikira thiraki ya ku Nyamapanda. Udzudzu unkalira m'makutu usiku wonse. Amayi anandipindira neti tsiku lonyamuka, koma ndinaisiya pabedi poona kuti chikwama chadzaza. Mpaka lero zimandiwawa.

Harare, Beitbridge ndi Musina ndinadutsa ndili gwa. Ndinafikira ku Mayfair, dera la mu Johannesburg, m'chipinda chimene tinkagonamo anthu asanu.

Patapita masiku 11 chichokereni ku Tete, mutu unayamba kuwawa, m'thupi monse kuphwanya. Unali mwezi wa June. Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo kuzizira kwa ku Blantyre sikufikako n'komwe. M'nyumba monse anthu ankatsokomola, ndiye aliyense anati ndi chimfine cha alendo, chitha. Ndinamwa panado. Kufamase anandigulitsa mankhwala a chimfine osandifunsa kumene ndachokera, nanenso sindinanene.

Anzanga ankalawira ku ganyu kusanache, ine n'kutsala ndekha. Ndinkafunda mabulangete a onse anayi, mano akugundana, kenako thukuta n'kunyowetsa matiresi. Chidebe chinali pambali pa mutu chifukwa ngakhale madzi sankakhala m'mimba. Tsiku lachinayi mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkayang'ana kudenga n'kumaganiza za ndalama imene amayi angafunike kukongola kuti mtembo wanga ukafike ku Ndirande. Kwathu ukadwala pakhomo sipasowa wobwera ndi phala. Kuno chitseko chimangokhala chotseka.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Machinga, wogulitsa mandasi, wa chipinda choyandikana. Anamva ndikusanza, n'kulowa osaodira. Anandigwira pachipumi, n'kundikoka chikope kuti aone m'maso.

"Mwanangu, panjira unagona kuti?"

"Ku Tete, mayi."

"Mu neti?"

Ndinapukusa mutu.

"Awa ndi malungo. Dzuka tizipita."

Ndinakana. Ambiri kuno timaopa chipatala chifukwa cha mapepala, ndipo mantha amenewo anali atandilowa ngakhale masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anali asanathe. Mayiwo anangondiveka juzi ngati mwana, n'kulipira takisi ndi ndalama ya mandasi a tsiku limenelo. Ndinawathokoza misozi ili m'maso, iwo n'kungoti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

M'takisimo anandibwereza mawu katatu: "Ukawauze kuti wachokera ku Malawi, unagona ku Tete, akuyeze malungo." Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, abale anga. Ku Johannesburg anthu sadwala malungo ngati kwathu. Muno mu South Africa amapezeka mbali zina za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Namwino amene waona odwala chimfine kuyambira m'mawa, malungo samubwerera msanga m'mutu. Kwathu ukangoti thupi likutentha, pa chipatala chaching'ono chilichonse amakubaya chala n'kukuuza zotsatira usanachoke pa benchi. Kuno uyenera kutsegula pakamwa wekha. Namwino wanga anali atayamba kale kulemba za chimfine, koma atamva dzina loti Tete anaika cholembera pansi n'kutenga magazi.

Anandigoneka pompo. Mankhwala oyamba anali obaya mumtsempha, ndi dripi, poti akumwa ndikanawasanza. Nditayamba kudya anandipatsa Coartem. Nditaona timapiritsi tachikasuto ndinatizindikira: ndi LA yemwe uja, amene kwathu amaperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2007. Mapiritsi 24, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu, ndipo adokotala ananenetsa kuti ndizimwera mkaka kapena chakudya cha mafuta kuti agwire bwino ntchito. Anandiuzanso kuti malungo a mtundu umene ndinali nawo amathamangira kumutu ndi ku impso munthu akachedwa. Mayi aja ankabwera madzulo alionse ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, m'kabakuli kokulunga mu chitenje kuti lisazizire.

Amayi ndinawaimbira nditatuluka. Anakhala chete nthawi yaitali, mayunitsi akupita, kenako n'kufunsa dzina la mayi wa ku Machinga uja kuti akawatchule ku mapemphero a Lachinayi. Patatha milungu iwiri, basi ya ku Blantyre inandibweretsera katundu: ufa woyera, usipa, chitenje chatsopano cha mayi aja, ndi neti ija, yopindidwa momwe ndinaisiyira. Ili pansi penipeni pa chikwama changa, kudikira ulendo wa December.