Rousseau ndi Wallis: nkhalango yongoganizira, nyanja yokumbukira

Ojambula zithunzi awiriwa sanapite kusukulu ya zojambula, koma njira zawo n'zosiyana.

Henri Rousseau, wokhometsa msonkho ku Paris, sanatulukepo m'dziko la France. Nkhalango zake zowirira, za mikango ndi anyani, ankazitola ku Jardin des Plantes, munda wa zomera ndi nyama wa mu Paris, n'kukazikulitsa m'mutu. Tsamba lililonse ankalisalaza moleza mtima ngati mayi wozira nyumba. N'zokongola, inde, koma mphepo siwombamo.

Ine mtima uli kwa Alfred Wallis, msodzi wa ku St Ives, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England. Mkazi wake atamwalira mu 1922, kusungulumwa kunamukulira, ndiye anayamba kujambula ali ndi zaka pafupifupi 70. Penti inali ya maboti, pojambulapo zidutswa za makatoni. Nyanja ankaidziwa bwino. Boti lomufika pamtima ankalikulitsa dala, nyumba zapadoko n'kukhala timabokosi.