Mbande za nsungwi za giant zija, patha zaka 5 tsopano

Anthu mwakhala mukundifunsa kuti nsungwi zija zili bwanji ndiye ndangoti ndilembe kamodzi pano. Mbande ndinagula pa nazale ina kunja kwa Lilongwe, zinalipo 60, za mtundu wa giant umene akatswiri amati Dendrocalamus asper, osati nsungwi zathu zam'mapiri zolukira malichero zija ayi. Zinabwera m'machubu mizu itadzadza bwinobwino, ziwiri zokha ndi zomwe zinafera panjira komanso wolakwa ndine, ndinaziunjika mu pikapu ngati matumba a chimanga.

Pa malangizo anyamata a pa nazale aja sindingawanyoze. Anati maenje akhale aakulu, muthire manyowa owolerana, mudzale mvula ikakhazikika, phando ndi phando mamita 5, ine mumtima ndinkati awa akungofuna ndiwononge munda koma pano mapando afutukuka moti masamba akugundana m'mwamba. Zaka ziwiri zoyamba pakatipo ndinkadzala soya.

Pomwe anandipusitsa ndi pajapa amati bwana mukadzala basi mwathana nazo, zimakula zokha. Aaa bodza lenileni. Chilimwe choyamba mu October ine ndi mphwanga tinkachita kutunga madzi pa dilawo ndi zigubu panjinga, ukalumpha sabata masamba apotana, chiswe nacho chabwera kumizu, mbuzi za aneba zikumwetula nsonga, kenako ana osaka mbewa anayatsa moto unapsereza mzere wonse wa kumalire, tsiku limenelo nsima sinalowe. Zinatsala 46. Lambulani kuzungulira munda udzu usanaume, zimenezi palibe anandiuza.

Koma zikagwira zagwira abale. Mvula ikangoyamba mphukira zimatuluka zonenepa ngati ntchafu ya mwana, upite Lolemba ubwerenso Lachisanu upeza yakupitirira. Chaka chino ndadula zoyamba, zokhwima zokhazokha za zaka zitatu kupita m'tsogolo, ndipo ndinadula m'chilimwe poti zodula nthawi ya mvula zimafumbwa msanga. Zina ndamangira chigafa cha fodya sindinagule bulugama olo mmodzi, nthambi zake azimayi a tomato akumadzagula zoimikira, zotsala mayi akunyumba akuphikira ngakhale akudandaula kuti zimaphulika pamoto ukapanda kuzing'amba kaye.

Za msika ndiye musamvere zokoma. Pogulitsa mbande ankati tidzakulumikizani ndi ogula, a makala, a mipando, mpaka lero foni ikumangoitana. Ogula anga ndi anthu a m'mudzi momwemu, wofuna mpanda, wofuna phaso, ndalama yake yobwera pang'onopang'ono ngati ya mazira.

Mbande ndikagulanso komweko December akubwerayu, koma 20 zokha, ndipo ndikadzala kumunsi kufupi ndi dambo pomwe madzi sadikha, njinga ija inathyoka masipoko ndi zigubu.