Ender 3 kapena A1 mini: printa ya 3D yoyambira ndi iti?

Amene akufuna kugula printa ya 3D koyamba amakonda kufunsa za makina awiriwa. Onse amachokera ku Shenzhen, ku China, ndipo onse amasungunula ulusi wa pulasitiki wa 1.75 mm n'kumausanjikiza mzeremzere mpaka chinthu chitaumbika. Koma mmene amakudyerani nthawi ndi mosiyana kwambiri.

Ender 3 ya kampani ya Creality inatuluka mu 2018. Imabwera m'bokosi ili zidutswazidutswa, mumamanga nokha ndi timasipanala take, ndipo madzulo onse amathera pomwepo. Kumangako si vuto. Vuto ndi kulinganiza bedi, malo afulati amene chinthucho chimaumbidwirapo. Mumalitenthetsa, n'kulowetsa pepala pakati pa nozo (kakamwa kotulutsa pulasitiki wosungunuka) ndi bedi, kenako n'kumapotokola timagudumu tinayi ta pansi mpaka pepalalo litayamba kugwiragwira pang'ono. Mukakonza ngodya ino, ya uko yasokonekera, mubwererenso. Mukanyozera zimenezi mzere woyamba sumata, ndipo m'mawa mumapeza ulusi wapotanapotana ngati chisa cha mpheta. Ambiri amagwa ulesi pamenepa. Amene apirira amatuluka akudziwa sikuluwu iliyonse ya makinawo, ndipo nozo ya 0.4 mm ikatsekeka sachita mantha, amangoisintha.

A1 mini ya kampani ya Bambu Lab, ya mu 2023, imabwera yomangidwa kale pafupifupi yonse. Imadziyeza yokha bedi isanayambe ntchito, ndiye za pepala zija muiwale. Imathamanganso kwambiri: kaboti koyesera kotchedwa Benchy, kamene pa Ender 3 yakale kamadya ola ndi kupitirira, apa kamatha musanamalize kuphika ndiwo. Mukawonjezera AMS lite, chipangizo chosinthira ulusi, mutha kuphatikiza mitundu inayi ya ulusi pa chinthu chimodzi, ngakhale imataya pulasitiki wambiri posintha mtundu, ndipo zimapweteka mtima ngati ulusiwo munachita kuitanitsa kunja.

Pa kukula Ender 3 ndiye yapambana. Imaumba mpaka 220 x 220 x 250 mm, pamene A1 mini imalekera pa 180 mm mbali zonse. Zoikapo foni, timabokosi ta zamagetsi ndi timagiya zimakwana bwinobwino. Chinthu chachikulu mudzachita kudula pawiri pa kompyuta n'kumata ndi guluu.

Ine chimene ndimayang'ana kwambiri ndi masipeya. Za Ender 3 zambiri ndi wamba: malamba, mafani ndi manozo amapangidwa ndi makampani ambirimbiri, ndipo munthu wozolowera kukonza mawailesi sangasowe pogwira. A1 mini imafuna nozo ya mtundu wakewake. Ngati katundu amatenga milungu kuti akufikeni, itanitsiranitu ziwiri pogula makinawo. Dziwaninso kuti Bambu Lab imakonda kuti zinthu zizidutsa m'mapulogalamu ake. Mu January 2025 ogwiritsa ntchito ambiri anadandaula italengeza zoletsa mapulogalamu ena kulamula makina ake mwachindunji. Ender 3 ilibe zimenezo, mumangokonza fayilo pa pulogalamu ya Cura, kuika pa memori khadi, basi.

Ndiye ndigule iti? Ngati cholinga chanu ndi kuumba zinthu, tengani A1 mini. Ngati mumakondwa ndi kumasula makina, kapena mukufuna bedi lalikulu, tengani Ender, koma Ender 3 V3 SE imene imadziyeza yokha bedi, osati yakale ija pokhapokha mwaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wozizira.

Onse awiri amatha kupitiriza pomwe analekera magetsi akabwera, koma musadalire kwambiri. Bedi likazizira chinthu chija chimamatuka, ndipo maola asanu ndi limodzi apita pachabe. Ntchito zazitali zimafuna inveta. Ulusi yambani ndi wa mtundu wa PLA, nozo cha pa madigiri 200, bedi 60. Kungoti PLA imafewa ikatentha, choncho chilichonse chokakhala m'galimoto yoima padzuwa la October muumbe ndi ulusi wa PETG umene umapirirako kutentha.