Zopereka ntchito yolipira ma sapulaya kwa maakauntanti a ku Lilongwe, mmene ndazionera

Anzanga a mabizinesi mwakhala mukufunsa mmene zikundiyendera ndi maakauntanti omwe ndinawapatsa ntchito yolipira ma sapulaya, ndiye nayi. Shopu yathu ya zipangizo zaulimi pa Kasungu boma pano, zolipira ma sapulaya tinazipereka kwa kakampani kena ka maakauntanti ka ku Lilongwe, dzina sinditchula. Amagwiritsa QuickBooks, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera ndalama. Ife kwathu ndi kujambula invoisi pa foni n'kutumiza basi, iwo amalowetsa mu sisitimu, Lachinayi lililonse amanditumizira mndandanda wa oyenera kulipidwa, ine n'kuvomereza pa banki ya pa intaneti ndalama n'kupita.

Pamene ndawagomera ndi apa. Invoisi siilipidwa ngati sikugwirizana ndi LPO (chikalata chathu choitanitsira katundu) komanso delivery note (pepala lobwera ndi katundu) yomwe mnyamata wa ku sitolo wasainira. Mwaitanitsa matumba 50 a feteleza, afika 46, invoisi ikunenabe 50, sisitimu imangoiimitsa pompo mpaka sapulaya akonze. Komanso pali ma sapulaya ena aja amatumiza invoisi pa WhatsApp kenako dalaivala akubwera ndi ina ya pepala yomweyomweyo, kaya ndi dala kaya ayi, sisitimu imaigwira ndi nambala. Za MRA nazo mutu sukuwawanso, withholding tax (msonkho wodula pa malipiro a sapulaya) amadula okha kwa sapulaya wopanda satifiketi ya exemption (yoti asadulidwe msonkhowu) n'kupereka pa Msonkho Online, sisitimu ya MRA ya pa intaneti, pa 14 mwezi wotsatira pasanadutse, VAT pa 25.

Koma eee nyengo ya soya ndi mtedza ndiye pamavuta. Mayi wachokera ku Chamama ndi matumba awiri pa njinga, invoisi alibe, TPIN (nambala ya msonkho ya ku MRA) sanaimvepo n'komwe, akufuna ndalama yake lero lomwe pa Airtel Money kapena Mpamba abwerere kusanade, ndiye muwauze kuti mayi dikirani Lachinayi? Mawa akagulitsa kwa vendala wa pamsewu, simudzawaonanso. Anthu a ku ofesi aja izi sankazimvetsa ayi, mpaka tinachita kugwirizana kuti ndizisunga ndalama ina pambali ya alimi, iwo azingolandira malisiti kumapeto kwa sabata.

China ndi mitengo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ma sapulaya ambiri kotesheni yawo siikhalitsa, ukachedwa kulipira akuti bwana mtengo wasintha, ndiye Lachinayi lija nthawi zina limatidyera ndalama. Ukawaimbira foni maakauntanti aja kuti iyi ndi yachangu amayankha bwinobwino ndithu koma mpaka madzulo, makamaka kumapeto kwa mwezi.

Malipiro awo pamwezi ndi ocheperako kusiyana ndi kulemba kalaliki wanuwanu. Ngati mumagula kwa makampani okhala ndi mapepala onse ayeseni, ali bho. Ngati katundu wanu wambiri amachokera kwa alimi, kambiranani kaye za ndalama ya pambali ija musanasaine. Anandipempha kuti azivomereza okha ku banki kuti zizifulumira, ndinakana, OTP (nambala yachinsinsi yovomerezera malipiro) ikubwerabe pa foni yanga.