Kashopu ka makomiki komwe kamandidyera mapaundi Lachitatu lililonse

Ndakhala ndikugula pa kashopu kameneka zaka zitatu tsopano nde ndati ndilembeko maganizo anga, makamaka chifukwa cha anzanga awiri atatu omwe amandifunsa kumbali kuti aise timabuku tako tija umatigula kuti, chonsecho pagulu ndi omwewo amayambitsa kuseka kuti bambo wa ana awiri, imvi zayamba kale m'ndevu, ali kalikiliki ndi makatuni. Dzina la shopu sinditchula poti pali zina ndidandaule m'munsimu komanso mwini wake timaonana sabata iliyonse, koma amene muli kuno kumpoto kwa England mukandifunsa ndikulozerani.

Malo ake ndi kachipinda basi, kopanikizika pakati pa shopu yometa ndi ina yokonza mafoni, mukalowa anthu asanu wachisanu ndi chimodzi ayambe wadikira panja. Amene munafikako ku Forbidden Planet, shopu yaikulu ya makomiki ya ku London ija ya pa Shaftesbury Avenue, yomwe pamwamba ndi zidole ndi malaya okhaokha mabuku ali chipinda chapansi, chotsani chithunzi chimenecho m'mutu. Kuno zidole kulibe. Khoma lakumanja ndi makomiki atsopano a sabata imeneyo, lakumanzere mabuku okhuthala aja amaphatikiza nkhani yonse pamodzi, pakati pali mabokosi oyera ataliatali odzaza makomiki akale omwe umachita kuwerama nkumafukula limodzilimodzi ngati uli pa kaunjika ku Limbe, ndipo mtima wake ndi womwewo, umadziwa kuti zambiri ndi zosathandiza koma sungachoke usanafike pansi pa mulu. Fungo la mapepala akale limakulandira pakhomo pomwe.

Chomwe chinandimangirira pa shopuyi ndi chomwe amachitcha pull list. Ndifotokoze kwa omwe simunazolowere. Makomiki a ku America, a Marvel, DC, Image ndi ena, ambiri amatuluka kamodzi pa mwezi, kabuku kopyapyala, nkhani yeniyeni masamba 20 kapena kupitirira pang'ono, otsalawo ndi otsatsa malonda. Atsopano amafika m'mashopu Lachitatu. Nde iwe umalembetsa mitu yomwe ukutsatira, mwini shopu amakuitanitsira ndi kukusungira mu kabokosi kolembedwa dzina lako kuseli kwa kauntala, ukabwera umangotenga, ndipo pano amachotserako 10 peresenti. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, pena pamatha masabata awiri osapondako mtauni, nde zimandithandiza kwambiri kudziwa kuti zanga zili pamalo. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti eni mashopuwa amaitanitsa katundu mwezi kapena miyezi iwiri asanatuluke ndipo zomwe sizinagulidwe nthawi zambiri sangabweze kwa osindikiza, zimawatsalira m'manja. Ukalembetsa nkusowa osabweranso ndiye kuti wamusiyira munthu ngongole yako. Mdala mwini shopuyu anandiuza zimenezi tsiku loyamba lomwe mosapita m'mbali, kuti ukatopa nazo ungonena, usathawe ngati wadya ndalama za banki mkhonde. Chabwino za banki mkhondezo ndawonjezera ine kkkk koma mfundo inali imeneyo.

Msampha wake nawu. Ndinayamba ndi mitu itatu. Pomatha chaka inali 14, iliyonse pafupifupi mapaundi anayi, werengerani nokha. Musandifunse kuti m'makwacha ndi zingati, ine ndinasiya kusintha m'mutu tsiku lomwe mayi anaimba kunena za feteleza ine ndili pa basi ndi jumbo ya makomiki pamiyendo, ndinachita manyazi ndekha ngati akundiona.

Apa nde pomwe ndimamupatsira ulemu mwini shopuyu ndipo nchifukwa chake ndikulemba zonsezi. Lachitatu lina ndikulipira anandiyang'ana nkundifunsa kuti pa mulu wa mwezi watha ndawerenga zingati. Ndinanama kuti zonse. Anandifunsa zomwe zinachitika kumapeto kwa imodzi mwa izo, ine kukamwa yasa. Anatenga pepala langa lija ndi bolopeni nkuyamba kukhwatcha yekha, iyi sukuikonda umangogula chifukwa unayamba, iyi dikira ituluke ya buku lokhuthala idzakutsikira mtengo, iyi wolemba wasintha ndipo watsopanoyu sudzamukonda. Inatsala isanu. Munthu wa bizinesi kudzichotsera yekha ndalama ya mwezi ndi mwezi, abale, ine kwathu ndinazolowera wogulitsa woti nsapato yakuthina iye akuti ikula ukamavala.

Ndi yemweyonso anandichotsa chimbulimbuli cha kulemera ndi makomiki. Mu 2024 inamveka nkhani yoti kope limodzi la Action Comics nambala 1, ya 1938 momwe Superman anaonekera koyamba, lagulitsidwa madola 6 miliyoni ku America. Sabata yomweyo ine ndikufukula m'bokosi la paundi imodzi ndinapeza X-Men nambala 1 ya 1991, yojambula Jim Lee, yonyezimira ngati yatuluka dzulo, mtima unagunda ndithu, ndinayamba kale kuona nyumba ya malata achikuda ku Area 49. Ndinapita nayo pa kauntala mwakachetechete kuti mwina mdala sanaone zomwe waika m'bokosi lotchipa. Anaseka mpaka kutsokomola, nkutulutsa zina zisanu ndi imodzi zomwezo pansi pa tebulo. Akuti komiki imeneyo inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni, palibe ina yaposa pamenepo, ndipo aliyense nthawi imeneyo ankagula ziwiri zitatu nkusunga m'mapulasitiki poganiza zomwe ndimaganiza inezo, nde lero zili paliponse. Za 1938 zija zikudula chifukwa ana ankawerenga nkutaya, zina zinapita pa nthawi ya nkhondo yachiwiri pomwe ankatolera mapepala akale, zotsala ndi zowerengeka. Ndinagulabe ya paundi imodziyo, ndinawerenga, inandisangalatsa bwinobwino.

Ali ndi makomiki angapo otsekeredwa m'zikhokho zapulasitiki zolimba zija a kampani ya CGC amaika akayeza kuti komiki yasungika bwanji, amapereka malikisi mpaka 10, ndipo yomwe anthu amailimbirana ndi 9.8. Iye amawagulitsa poti alipo ofuna, koma ukamufunsa maganizo ake amangoti buku loti sungatsegule ntchito yake nchiyani. Ine ndimagwirizana naye, ngakhale ndivomere kuti zimaoneka bwino pakhoma.

Za kasungidwe amagulitsa timajumbo tapulasitiki ndi makatoni oikira kumbuyo kuti komiki isapindike, paketi ya 100, komanso mabokosi, lalifupi limalowa makomiki cha m'ma 150, lalitali pafupifupi kawiri kake. Gulani lalifupi. Lalitali likadzaza msana umadziwa. Ndipo musatsamiritse bokosi ku khoma lakunja monga ndinachitira ine nyengo yozizira yoyamba, nyumba za kuno zimasunga chinyezi, ndinapeza makomiki akumapeto achita nkhungu masamba atamatana, ndinataya khumi ndi awiri. Kwathu mdani akanakhala chiswe ndi mphemvu, kuno ndi khoma lenilenilo.

Tsopano zodandaula. Choyamba kumazizira, mdala sayatsa chotenthetsera mpaka zala zichite dzanzi ukufukula m'mabokosi. Amatseka 5 koloko ndendende, Lolemba satsegula, kwa ife a mashifiti pena zimavuta. Amalankhula kwambiri, ukalowa ndi mphindi khumi konzekera theka la ola, ndipo manga, makomiki a ku Japan aja, amayinyoza poyera pomwe mwana wanga wamkazi ndi zomwe amakonda, zija zowerenga kuyambira kumbuyo kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kashelefu ka manga nkakang'ono komvetsa chisoni, za iyeyo timakagula kwina.

Koma chomwe chimandiwawa kwenikweni ndi za ku Africa. Nditamufunsa koyamba ngati ali ndi makomiki a ku Africa anandilozera Black Panther. Ndinamuuza kuti bwana, ameneyo anapangidwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1966 ku New York, dziko lake la Wakanda kulibe pa mapu, ndikufuna zolemba anthu akwathu. Anavomera kuti sadziwa zambiri, apo ndimuyamikire sanachite makani. Anandiitanitsira Aya ya Marguerite Abouet, nkhani ya atsikana a ku Yopougon mu Abidjan zaka za m'ma 1970, mulibe wouluka kapena woponya moto, ndi zibwenzi, mimba zosayembekezera, makolo olimbana ndi ana awo, madala okonda mowa, ukamawerenga umangoona ngati ndi ku Ndirande. Inatenga masabata asanu ndi awiri kuti ifike. Kwezi ya Loyiso Mkize wa ku South Africa analephereratu kuipeza, mpaka anachita kundigulira alamu anga ku Johannesburg nkupatsira munthu wobwera kuno. Pano Aya amaisunga pa shelefu ndipo akuti ikuyenda, nde ndimamuseka kuti andipatseko kangachepe.

Loweruka loyamba la mwezi wa May kumakhala Free Comic Book Day, mashopu ambiri amagawa makomiki ena aulere, ndipo tsiku limeneli ndi lomwe kashopuka kamaoneka kukoma kwake ngakhale mzere umafika pa shopu yometa ija. Ndinapita ndi ana onse awiri, wamng'onoyo anatuluka ndi Beano m'manja, komiki ya ana ija ya ku Dundee yomwe yakhala ikutuluka kuyambira 1938, mdala anamupatsa yekha osalipiritsa ngakhale sinali m'gulu la zaulere. Pamzerepo ndinaona agogo ena a ndodo akudikira komiki yawo ya 2000 AD, akuti sanaphonyepo chiyambire 1977, nde ndinawajambula m'mutu kuti ndikawauze aja amati ndi za ana.

Ine zimenezi sizinayambire kuno ayi. Bambo anga anali aphunzitsi, Loweruka ankabwera ndi nyuzipepala, iwo akamaliza ine ndinkadula Pewani ndi lezala nkumata mu kope lakale la masamu, guluu wake nsima yotsala. Kope limenelo linadyedwa ndi makoswe ndili ku sekondale ndipo ndinalira ngati kwagwa maliro, achemwali anga mpaka lero amaikumbutsa nkhaniyi pa ukwati uliwonse. Nde pomwe ndimaika komiki mu kajumbo kake ndi katoni kumbuyo ndimadziwa ndekha kuti ndikubwezera makoswe aja.

Mayi akunyumba alibe nazo vuto kwenikweni chichepetsereni mndandanda uja, amati bola izi kusiyana ndi kubetcha mpira. Funso lawo ndi limodzi lomwelo, amaima pakhomo la chipinda manja m'chiuno kuyang'ana mabokosi anayi aja nkuti, inu bambo, tsiku lobwerera kumudzi zimenezi zidzakwera ndege iti, poti chikwama ndi makilo 23. Sindinawayankhebe.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuzizira, manga, komanso nkhani iyi: pa nkhani ina ya zigawo zisanu ndi chimodzi yomwe ndinalembetsa bwinobwino, nambala 4 sinalowe mu kabokosi kanga, kaya anaiwala kaya anapatsa wina, iye akuti inabwera yochepa. Ndili ndi 1, 2, 3, 5 ndi 6, ziwiri zomalizazo sindinatsegule dala kuopa kudziwiratu mathero. Wandilonjeza kuti akufunsa kwa mnzake wa shopu ina ku Sheffield. Mwezi wachitatu uno, Lachitatu likubwerali ndikamufunsanso.